Mphesa Pakhomo ku Chiradzulu: Kudulira, Matenda, Tizilombo ndi Kopeza Thandizo

Kabuku aka ndi ka mabanja a m'boma la Chiradzulu amene ali ndi mpesa umodzi kapena iwiri pakhomo, ndi ena amene akuganiza zodzala. Malo olima kuno ndi ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma laling'ono lino, ndipo m'kamunda kamodzi banja limadzalamo chimanga, nandolo, mbatata ndi maungu momwemo. Mpesa sulimbirana malo ndi mbewu zimenezi. Umayanga m'mwamba, pa thandala la pabwalo kapena m'mbali mwa mpanda, ndipo wosamalidwa bwino umabereka zaka zambirimbiri. Mphesa zambiri za m'masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre zimachokera ku South Africa, n'chifukwa chake ana ambiri a kumudzi amangozimva kutchalitchi osazilawa.

Dandaulo la eni mipesa limakhala lofanana paliponse. Masamba amachita kudzaza thandala, matsango amaoneka ndithu, koma zipatso zimaola zisanapse, zina zimang'ambika, zotsala mbalame zimamaliza. Ambiri akaona zotere amathamangira kukagula mankhwala, ena amatenga otsala ku dimba la tomato. Ndalama zimapita, mphesa osadya. Mdani wamkulu wa mpesa kuno ndi chinyezi cha m'dzinja, ndipo chinyezi chimapewedwa podulira nthambi pa nthawi yoyenera. Mankhwala abwere pambuyo, mutadziwa bwino chimene chagwira mpesa wanu.

Nyengo ya kuno ndi khalidwe la mpesa

Kumadera otchuka ndi mphesa, monga ku Western Cape ku South Africa, mvula imagwa nthawi yozizira, ndipo zipatso zimapsa kunja kuli ng'amba. Kuno mvula ndi kutentha zimabwera pamodzi, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Mpesa mukausiya kuti uziyendera wokha, umaphukira kukayamba kufunda cha mu Seputembala, n'kumadzapsa mu Januwale kapena Febuluwale, mvula ili pakati. Masamba sauma tsiku lonse, ndipo matenda oyamba ndi nkhungu amapeza pabwino.

Mwayi wathu ndi wakuti kumadera otentha mpesa sugona tulo tofa nato monga umachitira kumayiko a chisanu. Mukaudulira n'kuuthirira, umadzuka. Kuchokera tsiku lodulira kufika pokolola pamapita miyezi inayi kapena isanu, choncho mwini mpesa ndi amene amasankha mwezi wokolola. Alimi a ku Nashik ku India amadulira mu Okutobala mvula yawo ikatha, n'kumakolola kunja kuli kouma. Ku Dodoma ku Tanzania amakolola kawiri pachaka, ndipo mphesa zotsekemera kwambiri ndi za nyengo yopanda mvula.

Kuno ku Chiradzulu dulirani pakati pa mwezi wa Juni ndi kumayambiriro kwa Julayi, kuti mukolole chakumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, mvula isanakhazikike. Kufupi ndi phiri la Chiradzulu kumazizira, maso a nthambi amachedwa kuphukira. Kumadera otsika monga cha ku Milepa amafulumirako. Lembani m'kope tsiku limene mwadulira ndi tsiku limene mwatchola tsango loyamba. Chaka chotsatira mudzadziwa ngati muyenera kufulumiza kapena kuchedwetsa, ndipo kope limenelo lidzakuuzani zoona za pakhomo panu kuposa kabuku kalikonse.

Njirayi imafuna madzi, tisabisane. Mpesa waukulu umafuna ndowa ya malita 20 kawiri pa sabata m'chilimwe chonse, ndipo mu Okutobala mwina katatu. Ngati mjigo uli kutali, ndi bwino kukhala ndi mipesa iwiri yothiriridwa mokwanira kusiyana ndi khumi yofota. Madzi otsukira mbatata kapena ndiwo ndi abwino. A sopo wochapira zovala musathire.

Chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimapeza mpesa uli wopanda masamba, ndiye sichiuvuta kwenikweni. Koma chikabwera mochedwa, mphukira zitatuluka kale, n'kukhala masiku angapo, yenderani mpesa wanu tsiku ndi tsiku.

Mtundu wodzala ndi kadzalidwe

Mphesa zopanda njere za m'sitolo, monga Thompson Seedless ndi Crimson Seedless, n'zokoma koma sizipirira chinyezi; zimafuna kupopera pafupipafupi. Banja loyamba kumene lisankhe mtundu wopirira ngati Isabella. Zipatso zake ndi zakuda, zanjere, zafungo lamphamvu, ndipo khungu lake limasupuka lokha mukafinya. Mtundu umenewu umalimidwa kwambiri kumadera a mvula ku Brazil ndi ku India. Umagwidwa ndithu ndi matenda, koma sugonja msanga.

Musafese njere za mphesa zogula. Chimene chimamera sichifanana ndi kholo lake. Pemphani nthambi kwa mnansi amene mpesa wake mwauona ukubereka bwino, pa nthawi imene iye akudulira. Nthambi ikhale yokhwima, yofiirira, kunenepa kwake kofanana ndi pensulo, yotalika masentimita 30, ya maso atatu kapena anayi. Kumunsi dulani mopingasa, kumtunda mopendeketsa, kuti musadzale chadodolido. Ikani m'machubu pamthunzi, maso awiri m'dothi, ndipo muwokere mizu ikagwira.

Abale athu ena agwirapo ntchito m'minda ya mphesa ku Joni, ndipo pobwera amalakalaka kutenga nthambi m'chikwama. Chonde musatero. Lamulo la dziko lino limafuna chilolezo polowetsa mbewu iliyonse, ndipo pali chifukwa chake. Kachilombo ka m'mizu kotchedwa phylloxera kanafalikira ndi mbande zonyamula anthu, kanawononga minda ya ku France kuyambira m'ma 1860, n'kufika ku Cape mu 1886. Nthambi yooneka yabwinobwino itha kubisa kachilombo kapena matenda amene angapweteke mudzi wonse.

Sankhani malo owomba dzuwa tsiku lonse, odutsa mphepo, makamaka kumpoto kwa nyumba, kutali ndi mthunzi wa mango. Madzi a padenga asamagwere pa masamba. Mpesa umadana ndi madzi odikha, choncho dothi lamakande la kudambo silabwino pokhapokha mutaunda mtumbira wautali. Pewaninso pamene munazulapo tomato wa mizu yotupatupa, chifukwa m'dothi limenelo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timagwiranso mizu ya mpesa. Kumbani dzenje la masentimita 60 mulifupi, mulitali ndi kuya komwe, sakanizani dothi lapamwamba ndi ndowa ziwiri za manyowa owolerana, ndipo mipesa italikirane mamita awiri ndi theka kapena atatu. Thandala likhale lalitali loti munthu n'kuyenda pansi pake ali chilili. Nsungwi zimagwira ntchito, ngakhale waya amakhalitsa.

Kudulira

Chaka choyamba musafune zipatso. Siyani mphukira imodzi yamphamvu ikwere pamtengo mpaka pa thandala, zam'mbali zonse muzichotsa. Ikafika pamwamba, tsinani nsonga kuti ituluke mikono iwiri, wina uku wina uku. Thunthu ndi mikono imeneyi ndi zokhalitsa. Zipatso zenizeni muziyembekezere chaka chachiwiri kapena chachitatu.

Mpesa umabereka pa mphukira zatsopano zotuluka pa nthambi za chaka chatha. Nthambi zakalekale sizibereka, zimangochulukitsa mthunzi. Apa ndi pamene ambiri amachita chisoni, mpeni uli m'manja. Mu Juni muyenera kuchotsa pafupifupi nthambi zonse zimene zinamera chaka chatha, n'kusiya pa mkono uliwonse tizitsa ta maso awiri kapena atatu, totalikirana ngati chikhatho chimodzi. Mpesa udzaoneka wosadzeka, anthu odutsa adzati mwaupha. Simunauphe. Pululani masamba onse otsala, sesani pansi, zonsezo mukatenthe kapena kukwirira kutali, pakuti matenda a chaka chatha amagona m'menemo. Chodulira chikhale chakuthwa, ndipo muzichiviika m'madzi osakaniza ndi Jik musanachoke pa mpesa wina kupita pa wina.

Mukatha kudulira thirani manyowa ndi phulusa pang'ono mozungulira, phimbirani ndi udzu, kenaka thirirani kwambiri. Feteleza wa Urea musachulutse. Amabweretsa masamba ofewa ambirimbiri amene matenda amawakonda, zipatso n'kuchepa.

Mphukira zikatalika ngati dzanja, chotsani zopanda maluwa zimene zathithikana, ndipo pa mphukira iliyonse musiye tsango limodzi kapena awiri. Zipatso zikafika kukula kwa njere ya nandolo, thotholani masamba awiri kapena atatu ophimba tsango kuti mphepo izidutsa, koma musalivule lonse, lingapse ndi dzuwa la Okutobala. Mukaima pansi pa thandala masana muziona timadontho ta dzuwa pansi. Ngati pali mdima bii, masamba achuluka.

Matenda atatu oyenera kuwadziwa

Khalani ndi chizolowezi choyendera mpesa m'mamawa kawiri pa sabata, mukutembenuza masamba. Zambiri zimayambira kunsi kwa tsamba, kumene munthu wongodutsa saona.

Oyamba ndi chiwawu cha m'dzinja, chimene pa malebulo a mankhwala amalemba kuti downy mildew. Pamwamba pa tsamba pamaoneka madontho achikasu onyezimira ngati padonthera mafuta. Mukatembenuza tsambalo m'mawa kutagwa mvula usiku, kunsi kwa dontho lililonse mupeza ubweya woyera. Pakapita masiku dontho limauma n'kufiira, masamba amayoyoka, ndipo matsango aang'ono amafota n'kuuma. Matendawa amafuna madzi pa tsamba. Popanda kunyowa safalikira. N'chifukwa chake kudulira mu Juni kumapulumutsa zipatso. Pothirira thirani pansi, osati pa masamba. Amene angathe ayale pepala la pulasitiki loonekera pamwamba pa thandala m'dzinja, m'mbali muli mosatseka. Alimi a kumadera a mvula ku Brazil ndi ku Japan amatero, ndipo kupopera kumachepa kwambiri.

Mankhwala a matendawa ndi a kopa, monga copper oxychloride, kapena mancozeb amene alimi a tomato amawadziwa ndi dzina loti Dithane. Onsewa ndi oteteza, sachiza tsamba logwidwa kale, choncho amapoperedwa mvula isanagwe, n'kubwereza pakatha sabata imodzi kapena ziwiri malinga ndi kuchuluka kwa mvula, ndipo afike kunsi kwa masamba. Mphamvu ya kopa inadziwika mwangozi ku Bordeaux ku France. Katswiri wa zomera, Millardet, anaona kuti mipesa ya m'mbali mwa msewu, imene eni ake anaiwaza kopa ndi laimu pofuna kuopseza akuba, sinayoyoke masamba, ndipo mu 1885 anafalitsa njirayo. Kopa musapopere maluwa ali otseguka. Mancozeb musiye zipatso zikadali zazing'ono, chifukwa amafuna masiku ambiri munthu asanadye. Ridomil amalowa mkati mwa tsamba ndipo amathandiza matenda akangoyamba, koma musapitirire kawiri kapena katatu pa nyengo imodzi, matenda angamuzolowere.

Achiwiri ndi matenda a fumbi lotuwa, powdery mildew. Awa ndiwo amavuta m'chilimwe, nthawi imene ife tikufuna zipatso, chifukwa safuna mvula. Amakonda mthunzi ndi malo osadutsa mphepo. Masamba, mphukira ndi zipatso zimachita mbuu, ndipo mukapukuta ndi chala fumbilo limachoka. Chipatso chogwidwa chikali chaching'ono khungu lake limauma, ndiye chikamakula chimang'ambika mpaka njere kuonekera. Nthawi yoopsa ndi kuyambira pa maluwa mpaka zipatso zitayamba kusintha mtundu.

Mankhwala ake ndi salufa wosungunula m'madzi. Poperani m'mamawa kapena madzulo, osati kunja kukutentha kupitirira madigiri 30, chifukwa amawaula masamba. Mitundu ina yachibale ndi Isabella sigwirizana ndi salufa, choncho yambani mwayesa pa nthambi imodzi n'kudikira masiku atatu. Pali njira inanso imene ikuyenera boma lino, kumene mabanja ambiri ali ndi ng'ombe za mkaka ndipo amagulitsa kudzera m'magulu a Shire Highlands Milk Producers Association. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Adelaide ku Australia anaonetsa kuti mkaka wosungunula umachepetsa matendawa pa mphesa. Sakanizani kapu imodzi ya mkaka ndi makapu 9 a madzi, poperani m'mawa wa tsiku la dzuwa, sabata iliyonse. Zimathandiza matenda asanakule. Akafalikira kale, mkaka paokha sukwanira.

Achitatu ndi matenda a zilonda zakuda, anthracnose. Pa mphukira zanthete pamachita zilonda zolowa mkati, masamba amabooka timabowo, ndipo pa chipatso pamakhala dontho lotuwa pakati, lakuda m'mbali. Amabwera ndi mvula yotentha ndipo amagona m'nthambi. Dulani nthambi zonse za zilonda n'kuzitentha. Kopa ndi mancozeb amatetezanso ku amenewa.

Tsango likayamba kuola litapsa, kawirikawiri chayambitsa ndi bala: mbalame yajompha, chipatso chang'ambika ndi mvula, kapena zipatso zapanikizana. Chotsani zoola tsiku lomwelo ndi kasizasi.

Pali vuto lina limene anthu amalitenga ngati matenda. Masamba atsopano amatuluka opindika, opyapyala, mitsempha yake itathithikana. Nthawi zambiri amenewo ndi mankhwala opha udzu, makamaka 2,4-D, obwera ndi mphepo kuchokera m'munda wa chimanga kapena otsalira mu sipuleya. Mpesa umamva mankhwala amenewa ngakhale atachepa chotani. Sipuleya imene inapoperapo udzu isayandikire mpesa, ngakhale mutaitsuka.

Tizilombo ndi zina zokonda mphesa

Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa thunthu, zitsatireni. Zidzakufikitsani pa kodikodi, wachibale wa uja amagwira chinangwa: tizilombo toyera, tofewa, taufaufa, tobisala pansi pa khungwa ndi mkati mwa tsango. Timayamwa madzi a mpesa n'kumatulutsa timadzi tomata totsekemera. Nyerere zimadya timadzito, ndipo pobwezera zimathamangitsa adani a kodikodi. Pa timadzi tomweto pamamera nkhungu yakuda imene imadetsa matsango. Choopsa kwambiri n'chakuti kodikodi amafalitsa matenda opinda masamba: pa mphesa zakuda masamba amafiira nthawi isanakwane, mitsempha ili yobiriwira, m'mbali mwake mutapindikira pansi. Amenewa alibe mankhwala, mpesa wotere ndi wozula.

Nthawi yabwino yolimbana ndi kodikodi ndi podulira. Sendani khungwa lakale lofundukafunduka ndi manja, tsukani thunthu ndi madzi a sopo wamtanda pogwiritsa ntchito kaburashi. Kenaka tsekerezani nyerere: kulungani kapepala ka pulasitiki pa thunthu ndi pa mizati ya thandala, n'kupaka girisi pa pepalapo, osati pa khungwa. Onetsetsani kuti palibe nthambi yokhudza khoma kapena udzu, apo ayi nyerere zipeza njira ina.

Chiswe chimadya nthambi zongowokera kumene ndi mizati. Udzu wophimbira usagunde thunthu, musiye mpata wa chikhatho, ndipo muziwaza phulusa pamenepo. Mpesa wothiriridwa bwino chiswe sichiulimba mtima. Akangaude ofiira, omwe aja a pa tomato, amabwera kukatentha ndipo amachititsa masamba timadontho totuwa, salufa amawachepetsa. Nsabwe za m'masamba ndi mbozi zingathe ndi ombwe: sinjani kilogalamu imodzi ya masamba, viikani m'malita 10 a madzi usiku wonse, sefani, onjezani sopo pang'ono, poperani madzulo. Ombwe amapha nsomba, ndiye zotsala musataye mumtsinje, komanso mudikire masiku angapo musanadye zipatso. Nimu amagwiranso ntchito yomweyo.

Zipatso zikayamba kutsekemera kumabwera alendo ambiri: apumbwa masana, mileme usiku, mavu, zikumbu, agulugufe a usiku amene amaboola kabowo kang'onong'ono n'kuyamwa madzi, ndi ntchentche za zipatso zimene zimaikira mazira pansi pa khungu, zomwe zija zimaoletsa mango ndi magwafa. Onsewa yankho lake ndi limodzi, ndipo si mankhwala. Vekani tsango lililonse thumba la pepala la khaki zipatso zisanayambe kusintha mtundu, mangani kukhosi ndi kachingwe, kumunsi mudule kangodya kuti madzi azituluka. Matumba a ukonde aja amabwera ndi anyezi amatchinga mbalame ndi mileme, ngakhale ntchentche zimadutsa. Masikito a kuchipatala asiyeni pa bedi, ntchito yake ndi kuteteza ana ku malungo. Mango ndi magwafa ogwa pansi muzitola n'kuwakwirira m'dzenje lakuya masentimita 50, kapena kuwamanga m'thumba lakuda la pulasitiki n'kuliika padzuwa, kuti mphutsi zife.

Musaphe chilichonse choyenda pa mpesa. Tizikumbu tofiira ta madontho akuda, chiswamphika, akangaude otchera ukonde ndi bilimankhwe ndi antchito anu osalipidwa.

Pogula ndi popopera mankhwala

Cypermethrin ndi dimethoate ndi opha tizilombo. Sachiza chiwawu, sachiza fumbi lotuwa, sachiza zilonda zakuda. Kuwapopera pa matenda amenewa ndi kutaya ndalama, ndiponso kumapha tizilombo tothandiza, kodikodi ndi akangaude ofiira n'kuchuluka kuposa kale. Ichi ndicho cholakwa chimene chimabwerezedwa kwambiri m'madimba mwathu.

Mankhwala onse ogulitsidwa m'dziko muno ayenera kukhala olembetsedwa ku Pesticides Control Board, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2000 ndipo lili ku Bvumbwe. Wogulitsa ayenera kukhala ndi chiphaso cha bungweli, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuchiona. Gulani m'botolo kapena m'paketi yake yosatsegula, ya lebulo yowerengeka, yoonetsa tsiku lotha mphamvu. Mankhwala opungulira m'timabotolo ta zakumwa kapena m'timapepala, ogulitsidwa poyala pansi tsiku la msika, musagule: simudziwa chili mkatimo, mlingo wake, ngakhale chouza adokotala ngozi itachitika. Mzere wofiira kumunsi kwa lebulo ukutanthauza poizoni woopsa kwambiri, ndipo wotere alibe malo pa mpesa wa pabwalo pamene ana amasewera. Poizoni uja wa Tameki asafike n'komwe pakhomo.

Tsatirani mlingo wa pa lebulo, osati wa m'maso. Werenganinso masiku oyenera kudikira musanakolole, ndipo muwalembe m'kope lija. Popopera valani malaya a manja aatali, buluku, nsapato, magolovesi ndi chotchinga kukamwa ndi mphuno. Popeza mpesa wa pa thandala umapoperedwa chakumwamba, valaninso chipewa ndi chotchinga maso, ndipo muziyenda chobwerera m'mbuyo kuti mankhwala asakugwereni. Chotsani mbale, ndowa za madzi akumwa ndi ufa woyanika, tsekerani nkhuku. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana asapopere. Botolo likatha litsukeni katatu, madziwo muthire mu sipuleya, kenaka liboolen kuti wina asadzasungiremo mchere kapena mafuta. Munthu akamwa kapena kuthiridwa mankhwala, musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka. Muvuleni zovala zonyowa, musambitseni, n'kuthamangira naye kuchipatala chapafupi, kaya cha boma ku Chiradzulu, kaya cha St Joseph's ku Nguludi, mutanyamula botolo lake.

Kopeza thandizo

Pa nkhani za ulimi, boma la Chiradzulu lili pansi pa Blantyre ADD, ndipo lili ndi madera a ulangizi (ma EPA) atatu: Mombezi, Thumbwe ndi Mbulumbuzi. EPA iliyonse inagawidwa m'masekishoni, ndipo mlangizi wa sekishoni ndiye khomo lanu loyamba. Uphungu wake ndi waulere. Alangizi ndi ochepa poyerekeza ndi mabanja amene amawatumikira, choncho musadikire kuti adzakupezeni pakhomo. Dziwani mlimi wotsogolera wa m'mudzi mwanu ndi komiti ya zaulimi ya m'mudzi; iwo amadziwa tsiku limene alangizi akubwera.

Mu 2013 Unduna wa Zaulimi, mothandizana ndi bungwe la CABI, unayambitsa makiliniki a mbewu, kumene alangizi ophunzitsidwa ngati madokotala a mbewu amakhala pa msika, kuona mbewu yodwala n'kulemba chochita papepala. Funsani ku EPA ngati pali kiliniki yoyandikana nanu, komanso malo ndi tsiku lake. Vuto likakanika pamenepo, alangizi amatumiza chitsanzo ku Bvumbwe Agricultural Research Station ku Thyolo, kumene kuli akatswiri a zipatso ndi ndiwo zamasamba, a matenda a mbewu ndi oyeza dothi.

Thandizo limene mungalandire limadalira chimene mwanyamula. Tsamba limodzi louma la m'thumba la malaya silinena kanthu. Dulani m'mawa wa tsiku lomwelo nthambi yokhala ndi masamba ongoyamba kudwala, odwala kwambiri ndi abwino omwe, pamodzi ndi tsango ngati lagwidwa. Kulungani mu nyuzipepala, osati mu jumbo, chifukwa mu jumbo zimabibira n'kuola. Tizilombo tiikeni m'kabotolo kotseka. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani mpesa wonse, pamwamba pa tsamba ndi kunsi kwake. Mukafika nenani zoona: munadulira liti, mumathirira motani, vuto linayamba liti, mwapopera kale chiyani ndipo mochuluka bwanji. Musabise kuti munapopera mankhwala a tomato. Alangizi sakufunsani kuti akudzudzuleni, akufuna asakulembereni zosagwirizana ndi zimene mwathira kale.

Popeza mphesa si mbewu yofala kuno, mabanja a mipesa m'dera limodzi apange kalabu. Gulu likaitana alangizi kuti adzaonetse kadulidwe mu Juni, sakana, ndipo kudulira munthu amaphunzira bwino poona ndi maso. Paketi imodzi ya kopa kapena salufa ndi yaikulu kwa banja la mipesa iwiri. Mukasonkherana imatha isanathe mphamvu, ndiponso mutha kugula sipuleya ya zipatso zokha. Nkhani ya mankhwala opha udzu ndi ya mango ogwa pansi imafunanso kumvana ndi anansi, ndipo mfumu ikaitchula pa msonkhano imamveka kusiyana ndi munthu mmodzi kudandaula kumpanda. Pulogalamu ya Ulimi Walero pa wailesi ya MBC ndi magazini ya Za Achikumbi ndi zothandizanso.

Kukolola ndi dzinja lotsatira

Mphesa sizipsa zikatcholedwa, sizili ngati nthochi zovundika. Kuda kwa khungu kumabwera msanga kutsekemera kusanafike, choncho lawani chipatso cha kunsonga kwa tsango. Chikatsekemera chimenecho, tsango lonse lapsa. Njere za mphesa zakupsa zimakhala zofiirira. Chepetsani madzi sabata ziwiri zomaliza kuti zisang'ambike. Dulani ndi sizasi m'mawa mame atauma, gwirani pa phesi kuti ufa wotuwa wachilengedwe wa pa khungu usachoke, ndipo musatsuke mpaka nthawi yodya. Zogulitsa muziyale m'lichero kapena m'katoni mosasanjikiza kwambiri. Misika ya m'mbali mwa msewu wa Zomba, monga Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi, ili ndi ogula odutsa pa galimoto, ndipo Limbe sali kutali.

Mukakolola ntchito sinathe. Masamba a m'dzinja ndi amene amasunga chakudya cha zipatso za chaka chamawa, ndipo chiwawu chikawayoyola mu Januwale, mpesa udzabereka pang'ono ngakhale mudulire bwino chotani. Fupikitsani nthambi zotalika kwambiri, chotsani zothithikana, thirani manyowa, ndipo tetezani masamba ndi kopa kapena ndi pepala la pulasitiki mpaka mvula ithe. Timatsango totuluka m'dzinja tichotseni tikadali maluwa. Lambulani ngalande kuti madzi asaime patsinde, ndipo mizati imene chiswe chadya muisinthe mu Meyi, nthawi yodulira isanafike.